Nkhaniyi Ikanenedwa

Bwana Wogwirizira, amene anali atagwirizira mpando wa mkulu wa ofesi kwa zaka zisanu, anaitanitsa Mayi Mawaya m'mawa wa tsiku limene bodi inkakumana thu koloko kuti iwapatse mpandowo kapena kuwamana. Mayi Mawaya anali katswiri wa makompyuta, amene mwezi wapitawo anaika Linakisi, pulogalamu yaulere yoyendetsa makompyuta, m'makina onse a pa ofesipo, ndipo atangolowa, bwana anakhoma chitseko, kiyi n'kuponya m'thumba la thalauzi.

"Khalani pansi, mayi. Ayi, musakhale. Bwerani kuno muone zimene chinthu chanuchi chikuchita."

Mayi Mawaya anazungulira tebulo, nakankhira magalasi pamwamba pa mphuno. Pasikirini panali kawindo kakuda ka zilembo zoyera.

"Chikutani, bwana?"

"Chikundilembera mwano. Ine sindinagwire kalikonse. Ndangokhala pansi, ndi izi."

"Kawindo aka sikatseguka kokha."

"Lero katseguka."

"Pali mizere itatu yolembedwa m'dzina lanu. Woyambawu sipelo yake ndi yolakwika."

"Sindinalakwitse sipelo ine."

"Ndiye kuti munalemba ndinu."

Bwana anatsokomola, nasuntha kapu ya zolembera kuchoka kumanja kupita kumanzere.

"Werengani zimene chayankha. Kuwerenga ndimatha, koma ndikufuna ndimve kwa inu."

"Chikuti dzina lanu palibe pa mndandanda wa anthu ololedwa kulamula makinawa. Kenako chikuti nkhaniyi ikanenedwa. Kodi munkafuna kuika chiyani?"

"Ndinkafufuza."

"Apa palembedwa dzina la masewera a mpikisano wa timagalimoto."

"Eya, ndinkafufuza ngati antchito angathe kuwaika. Mlonda wabwino amagwedeza loko kuti aone ngati yakhomeka."

"Mwagwedeza katatu."

"Maloko ena amatseguka kachitatu. Ndinapeza tsamba pa intaneti, nzeru khumi ndi ziwiri za anthu a Linakisi. Akuti ukayamba ndi mawu akuti sudo, kompyuta imagwada."

"Imagwadira amene ali pa mndandanda."

"Ine ndine mkulu wa ofesi ino."

"Wogwirizira, bwana."

Bwana anayang'ana sikirini ndi diso lam'mbali.

"Nachonso chikudziwa zimenezo?"

"Ayi, icho sichidziwa maudindo. Zalembedwa pachitseko."

Mlungu wapitawo bwana anali atatulutsa memo ya ndime zisanu yoletsa masewera pa makompyuta a ofesi. Tsiku lomwelo anaimitsa ntchito kalaliki wa mafayilo, bambo amene anali atagwira pa ofesipo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, atawapeza akusanja makadi a masewera pasikirini nthawi ya nkhomaliro. Memoyo inali pakhoma, mu felemu, kumbuyo kwa mutu wa bwana.

"Tisiye za chitseko. Ikanenedwa kwa ndani?"

"Kwa ruti."

"Ameneyo ndi mayi kapena bambo?"

"Si dzina la munthu, bwana, ndi mpando. Wokhalapo ali ndi mphamvu zonse pa makinawa. Amaona fayilo iliyonse, amalowetsa munthu, amathanso kumufufuta."

"Kumufufuta munthu."

"Dzina lake, mafayilo ake, zonse. Mphindi imodzi sikwana."

"Ndi wamkulu kuposa ine?"

"Pa makinawa, inde."

"Ali mu ofesi muno?"

"Alimo."

"Amabwera tsiku ndi tsiku?"

"Sanajombepo."

"Ndimamupatsa moni?"

"Nthawi zina. Lero simunamupatse."

Bwana anayamba kuwerenga ndi zala, milomo ikugwedera.

"Ndadutsa anthu asanu ndi awiri pakhondepo osawalankhula. Mutu unali ku bodi."

"Bwana, ruti ndi..."

"Musatchule." Anatambasula dzanja ngati wapolisi woimitsa galimoto. "Pakhondepo pamadutsa anthu. Komanso ndamudziwa kale. Ndi uja wa nsapato zosongoka, anafunsiranso mpando uno. Dzina limenelo lisatuluke pakamwa panu mpaka nditakuuzani ndekha. Tamvana?"

"Tamvana, bwana."

"Ndi yemweyo, eti?"

"Mwati ndisatchule."

"Mwachita bwino. Ndinkakuyesani. Tsopano ndipatseni nambala ya kampani imene inapanga chinthuchi. Ndiyankhule ndi bwana wawo, akuluakulu timamvana."

"Palibe kampani imodzi. Anapanga ndi anthu ambirimbiri a m'mayiko osiyanasiyana, ena ali kunyumba kwawo ataweruka."

"Mwini wake ndani?"

"Aliyense."

"Aliyense si munthu, mayi. Ndikalemba kalata yodandaula, pa envulopu ndilembe ndani?"

"Simufunika envulopu. Ali ndi mabwalo awo pa intaneti. Mumalemba vuto lanu, wodziwa n'kukuyankhani. Koma amafuna muwakopere mzere wonse mmene munaulembera."

"Ndi dzina la masewera lomwe?"

"Ndi sipelo yolakwika yomwe."

"Zisiyeni. Ndinkadziwa ine kuti chinthu chobwera chaulere chimakhala ndi mchira. Tsiku lija munati n'chotseguka, ine ndinamva ngati mukuti n'chomasuka, chopanda mtopola."

"N'chotseguka chifukwa aliyense akhoza kusuzumira m'kati mwake."

"Aliyense."

"Aliyense wofuna."

Bwana ananyamuka, nakatseka makatani a mawindo onse awiri. Mu ofesi munada.

"Amaona mmene chinapangidwira, bwana, osati zimene inu..."

"Tsekani."

"Nditseke chiyani?"

"Chotsegukacho."

"Sichitsekeka. Lamulo lake lenilenilo limati chizikhala chotseguka."

"Ha. Ndiye mwatiikira nyumba yopanda chitseko, n'kuikamo kazitape."

"Chitseko chilipo. Ndi chimene chakukanizani kulowa."

Bwana anawerama, nafufuza batani kunsi kwa sikirini, nalidina. Sikirini inazima. Anaimirira akupukuta manja.

"Basi. Nkhani yatha. Mwaona mmene timagwirira ntchito akalekale?"

"Mwazimitsa galasi lokha. Zolembedwazo zili mu seva, makina aakulu aja a m'kachipinda kozizira."

"Ndiye pitani mukafufute."

Mayi Mawaya anatembenukira kukhoma, nawerenga mu felemu chala chikutsata mzere.

"Ndime yachinayi. Aliyense wofufuta mbiri ya zochitika pa kompyuta adzachotsedwa ntchito popanda chenjezo."

"Ndinalemba ine zimenezo?"

"Mawu akuti popanda chenjezo munaonjezera nokha ndi cholembera chofiira."

"Ndiye ine wolemba ndikukulamulani."

"Lembani lamulolo, musaine, mudinde. Ndime yachisanu ikuti lamulo lapakamwa si lamulo."

"Aaa, zimenezo n'zosavuta."

Anakoka pepala, nayamba kulemba akutchula mokweza.

"Ine, mkulu wa ofesi ino..."

"Wogwirizira."

"...wogwirizira, ndikulamula kuti zifufutidwe."

"Mutchule zofufutazo, bwana, ndingafufute za ena. Tsiku, nthawi, dzina la wolemba, dzina la masewera."

Cholembera chinaima. Bwana analiyang'ana pepalalo kwa kanthawi, naling'amba pakati, naling'ambanso. Anatambasulira dzanja ku bini, koma anabweza, zidutswazo n'kuziika m'thumba mmene munali kiyi.

"Mwina ndi wosesa. Amalowa muno ine ndisanafike."

"Wosesa ali patchuthi cha uchembere kuyambira Lolemba. Fumbi ili likuchitira umboni."

"Ndiye mlonda."

"Pakanafunika pasiwedi yanu."

"Imeneyo si nkhani. Ili pansi pa kiyibodi, aliyense angaione."

Mayi Mawaya anatembenukiranso kukhoma.

"Ndime yachiwiri."

"Musawerenge."

Bwana anatukula kiyibodi, namatula kapepala kachikasu, nako n'kukaika m'thumba.

"Thumbalo likudzadza, bwana."

"Ndi thumba langa." Anakhala pansi, namasula taye pang'ono. "Tandiuzani zoona, mayi, ngati anthu amene tagwira limodzi ntchito. Ameneyu amaonanso za pulinta?"

"Amaona. Tsiku, masamba angati, ndi dzina la fayilo."

"Makadi a ukwati wa mwana wanga aja, paja tinkayesa inki yatsopano."

"Anali mazana anayi."

"Inki imafuna kuyesa mokwanira. Nanga galimoto ya ofesi? Loweruka lija, matumba a simenti aja sanali ambiri. Ndipo msewu unali womwewo wopita ku galaja, kungokhota pang'ono."

"Galimoto siili pa makinawa. Za simenti ruti sankazidziwa."

"Mulungu ndi wabwino."

"Wazidziwa pompano."

Bwana anauma pampando. Anayang'ana kudenga, nayang'ana foni, kenako maso anakatera pa kompyuta. Anavula jekete mosamala, naiphimba nayo sikirini, manja a jeketeyo n'kulendewera pa kiyibodi. Kuyambira pamenepo ankanong'ona.

"Chimamva ngakhale chitazima?"

"Kompyutayi ilibe makutu, bwana."

"Nanga wamva bwanji?"

"Kuti ndiyankhe ndiyenera kutchula dzina."

"Ayi. Khalani nalo." Anapukuta thukuta ndi nsonga ya taye. "Zaka zisanu, mayi. Zaka zisanu ndikusaina makalata ndi kamawu kakuti m'malo mwa. Mkazi wanga suti iyi waisita kawiri m'mawa uno, akuti lero ndikabwere ndili munthu. Ndigwe chifukwa cha kagalimoto koyendetsedwa ndi nkhuku?"

"Ndi kambalame ka ku madzi oundana, bwana. Nkhuku mulibemo."

"Munawasewerapo?"

"Kunyumba, ndi amuna anga. Amandipambana pokhota."

"Akuti pali pena galimotoyo imauluka."

"Pa msewu wachitatu."

Nkhope ya bwana inafewa pang'ono, kenako inakumbukira n'kuumanso.

"Nanga kalaliki uja, akuti bwanji kunjako? Akunditukwana?"

"Ayi. Anandiimbira dzulo kufunsa ngati mwafewa mtima. Akazi awo sanawauze. Amavala taye m'mawa, kutenga chikwama, n'kukakhala pa benchi ya pa siteshoni mpaka nthawi yoweruka."

"Zimenezo sindinakufunseni."

"Munafunsa kuti akuti bwanji."

Bwana anagogoda tebulo ndi chikhadabo. Pakhonde panadutsa nsapato zolira, zinaima pang'ono pachitseko, zinapitirira. Bwana anazimvetsera mpaka zitazimirira.

"Mwazimva? Akupita kukasindikiza lipoti." Anaimirira mwadzidzidzi. "Sandipeza. Mayi, nkhani imakoma mwini wake akaiyamba yekha. Akandinena iyeyo, ndine wachinyengo amene anathamangitsa mnzake pa mlandu umene naye amapalamula. Ndikadzinena ndekha, ndine mtsogoleri woona mtima. Khalani apa. Yatsani. Lembani."

Mayi Mawaya anachotsa jekete pa sikirini, naipinda bwinobwino, naiika pa mpando wa alendo. Anayatsa, natsegula imelo.

"Kwa ndani?"

"Kwa antchito onse. Muikenso a bodi onse, wapampando pamwamba. Deti muike la Lachisanu lapitali."

"Imelo imadziikira yokha deti ndi nthawi."

"Ngakhale zimenezi chimakana?"

"Sichikana. Sichifunsa n'komwe."

"Chabwino, lero lomwe." Anayamba kuyenda uku ndi uku, manja kumbuyo. "Pofuna kuona ngati malamulo athu ali ndi umunthu, ine mwini, m'mawa uno, ndinayesa kuika masewera pa kompyuta yanga."

"Katatu?"

"Musaike katatu."

"Lipoti likuti katatu."

"Ikani katatu, asandigwire bodza. Ndapeza kuti munthu wolimbika pantchito amalakalaka kupumitsa mutu. Choncho kuyambira lero masewera ndi ololedwa nthawi ya nkhomaliro."

"Inu munayesa naini koloko."

"Kafukufuku alibe nthawi. Pitirizani. Memo ya mlungu watha yathetsedwa, ndipo kalaliki wa mafayilo abwerere pantchito mawa."

"Mawa."

"Ayi, lero. Muwaimbire achoke pa benchipo. A bodi akamadutsa awaone ali pa desiki."

Zala za Mayi Mawaya zinathamanga pa mzere umenewo kuposa ina yonse.

"Za makadi a ukwati ndiike?"

"Mwati zikuoneka?"

"Zikuoneka."

"Mzere umodzi. Munene kuti mapepala ndidzabweza."

"Za simenti?"

Bwana anaima pakati pa ofesi.

"Mukutsimikiza kuti wazimva?"

"Wazimva bwinobwino."

"Ndiye ikani, asakhale ndi chotsala m'manja. Koma mulembe kuti matumba ochepa."

"Angati?"

"Ochepa ndi nambala yokwanira."

Mayi Mawaya anamaliza, nawerenga zonse mokweza kuyambira pamwamba. Bwana ankagwedeza mutu ngati akumva nyimbo imene anapeka okha. Atafika kumapeto, Mayi Mawaya anachotsa manja pa kiyibodi, nawaika pamiyendo.

"Bwana, musanatumize, ndikupempha ndinene chinthu chimodzi chokhudza ruti."

"Muli dzina m'menemo?"

"Popanda dzina sichimveka."

"Ndiye ayi."

"Chingasinthe maganizo anu."

"N'chifukwa chake sindikufuna kuchimva. Ine ndikaganiza ndaganiza. Anthu amatha zaka akugwirizira chifukwa chomvera uyu ndi uyu. Sunthani."

Anagwira mausi okha, nadina. Imelo inapita. Anapumira m'mwamba, nakatsegula makatani, navala jekete, natulutsa kiyi m'thumba pamodzi ndi tizidutswa ta mapepala timene tinagwera pa kapeti. Anatsegula chitseko n'kuchisiya chili chotsegula, kuti wodutsa aliyense aone kuti mu ofesimo mulibe chobisa.

"Tsopano mutchuleni. Mokweza. Ndikufuna ndikamuone nkhope akamawerenga."

"Ndine, bwana."

"Mwati?"

"Ruti ndine. Makinawa ndinaika ndine, pasiwedi ya mpandowo ili ndi ine."

Bwana anabwerera, natsekanso chitseko pang'onopang'ono.

"Munati ali mu ofesi muno."

"Ndinali muno."

"Munati sindinamupatse moni."

"Mpaka pano simunandipatse."

"Nanga uja wa nsapato zosongoka?"

"Iwo aja kawindo kakuda amakaopa. Kakatseguka amandiitana ndidzakatseke."

"Ndiye bwanji osanena, mayi?"

"Ndinayesa katatu."

Bwana anagwira m'mphepete mwa tebulo, nakhala pa mpando wa alendo, poti pa mpando wawo panali Mayi Mawaya.

"Chabwino. Ndinu. Lipotilo munaliwerenga nthawi yanji? Mwakhala muno nthawi yonseyi."

"Sindinaliwerenge. Limagwera m'fayilo ina mu seva, pamodzi ndi mizere zikwizikwi. Ndimatsegulamo pokhapokha chinthu chikawonongeka."

"Sizipita kwina?"

"Sizipita. Pakatha milungu inayi makina amafufuta okha zakale, kuti malo asadzadze."

"Okha."

"Okha. Ndime yachinayi sinena za makina."

"Ndiye ndikanangokhala chete..."

"Mukanamwa tiyi."

"Bwezani imeloyo. Inu ndinu ruti, muli ndi mphamvu zonse. Ifufuteni."

"Pa makina a muno ndingathe. A bodi ali ndi makina awoawo, mphamvu zanga zimathera pageti."

Kompyuta inalira kamodzi, kabelu kakang'ono. Inaliranso. Mayi Mawaya anasuzumira.

"Mayankho ayamba kubwera. Uja wa nsapato zosongoka akuti zikomo chifukwa cha kulimba mtima kwanu. Aika ndi kachithunzi ka manja owomba."

"Winayo?"

"Wapampando wa bodi."

"Akuti chiyani?"

"Akuti alandira. Akuti pobwera thu koloko mutenge kiyi wa galimoto."

Bwana anatola kachidutswa ka pepala pa kapeti, nakatembenuza, nakayang'ana ngati pangapezeke mawu ena. Kenako analoza kawindo kakuda kaja, kamene kanali kakuonekerabe kuseri kwa imelo.

"Chinthu chanuchi n'chabodza, mayi. Chinandiopseza pachabe. Chinati nkhaniyi ikanenedwa."

Mayi Mawaya anaimirira, nabwezera mpando pansi pa tebulo.

"Sichinaname, bwana. Yanenedwa. Chinangosiya kutchula kuti okanena mukhala inu."